Kasankhidwe ka wayini wokoma osaboola thumba

Wayini wadula abale, apa sitingatsutsane. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo wayini amene timamuona m'mashopu mwathumu pafupifupi yense ndi wakunja, makamaka wa ku South Africa. Ndiye munthu ukaima pa shelefu paja, mabotolo ali mbwee mayina ake opotokola lilime, ambirife timangochita chimodzi mwa ziwiri. Kutola wotchipitsitsa wa pansi penipeni uja n'kuthawa, kapena kudzikakamiza wodula poganiza kuti mtengo ndiye kukoma. Konse kuwiri ndalama imatha kupita pachabe.

Za mtengozi zinayesedwapo. Mu 2011 ku Edinburgh, katswiri wina dzina lake Richard Wiseman analawitsa anthu 578 wayini wotchipa ndi wodula osawaonetsa botolo, n'kuwafunsa kuti wodula ndi uti. Analondola pafupifupi theka lokha, chimodzimodzi kungolota. Sindikunena kuti wayini yense ndi wofanana ayi, wodula wabwino alipo ndithu, koma pa ndalama zathu zinozi chimene chimapangitsa kuti botolo likome kapena likukhumudwitseni nthawi zambiri si mtengo. Ndi zitatu izi: mwagula wogwirizana ndi pakamwa panu, sanakalambe, komanso sanapse ndi dzuwa. Tiyeni tizitsate mmene ndimachitira ine.

Sitepe 1: Musanachoke pakhomo dziwani kaye pakamwa panu

Mumakonda zotsekemera kapena ayi? Yankhani moona mtima, palibe akukumverani. Pali kamtima kena koti womwa wayini wotsekemera ndiye sadziwa wayini, zimenezo zisiyeni, ndalama ndi yanu lilime ndi lanu. Vuto limabwera munthu wozolowera zotsekemera akagula botolo lolembedwa Dry chifukwa waona anzake akutero, akamwa kamodzi nkhope n'kuchita tsinya, botolo lonse n'kuthera mu mphika wa nyama.

Pa lebulo pamakhala mawu okuuzani zimenezi ndipo kwa wayini wa ku South Africa mawuwo ali ndi malamulo ake, sangolemba mwachisawawa. Dry ndiye kuti shuga wotsalamo sapitirira magalamu 5 pa lita, simumva kutsekemera. Semi-Sweet amatha kufika magalamu 30 pa lita. Natural Sweet amayambira pamwamba pa 20 kupita m'mwamba, awa ndi aja ngati 4th Street ndi Four Cousins amene sasowa pa bridal shower iliyonse. Pakati pali Off-Dry kapena Semi-Dry, kakutsekemera kapatali chabe, ndipo kwa munthu amene akufuna kuchoka ku zotsekemera pang'onopang'ono ndi poyambira pabwino.

Ngati palibe mawu amenewa yang'anani nambala ya mowa. Botolo la 7 mpaka 9 peresenti kawirikawiri limakhala lotsekemera chifukwa shuga wina sanasanduke mowa, la 13 kapena 14 nthawi zambiri ndiye kuti shuga anatha, amakhala Dry ameneyo ngakhale asalembe.

Sitepe 2: Yang'anani kumene wachokera

Kuno kwathu yankho lachidule ndi South Africa basi. Wa ku France kapena Italy akafika pa shelefu ya ku Lilongwe wadutsa panyanja, wadutsa m'manja ambiri, ndiye pa mtengo womwewo mumapeza wapansi kwambiri wa kumeneko pomwe wa ku Cape, dera la mphesa la ku South Africa, mukanapeza wapakati wabwinobwino. Ndipo musawaderere anthu a ku Cape, anafinya mphesa zawo zoyamba mu 1659, si ophunzira ayi.

Mayina a madera amathandizanso pa mtengo. Stellenbosch, Franschhoek ndi Constantia ndi otchuka ndiye dzinalo mumalilipira. Robertson, Worcester, Breedekloof ndi Olifants River amalima mphesa zambiri zedi m'makopaletivu akuluakulu, wayini wake amakhala wosavuta kumwa komanso wotsikirapo. Mukaona pangolembedwa Western Cape ndiye kuti asakaniza mphesa za madera angapo, si cholakwika, mabotolo ambiri abwino otchipa ndi otero.

Kenako gwirani khosi la botolo muone kasitika kaja. Kuyambira 1973 South Africa ili ndi dongosolo lotchedwa Wine of Origin, ndipo botolo limene layesedwa ndi kuvomerezedwa limakhala ndi kasitika pakhosi kokhala ndi manambala, masiku ano kambiri kamalembedwa Integrity & Sustainability. Kamatanthauza kuti zimene zalembedwa pa lebulo ndi zoona: akati mphesa ndi za dera lakuti ndiye zonse zachokera komweko, akati Shiraz kapena atchula chaka ndiye osachepera 85 peresenti ndi zimenezo. Sikakulonjezani kuti mudzamukonda wayiniyo, koma mukudziwa kuti simukugula madzi a utoto. Pakati pa mabotolo awiri a mtengo wofanana ine ndimatenga la kasitika.

Amene muli ku Joni inu ndiye muli pa gwero, Checkers, Pick n Pay, Tops, mitengo yake kwathu kuno tingangolota. A ku UK, mu Aldi ndi Lidl yang'anani wa ku Portugal, Spain, Chile ndi South Africa yemweyo, ndipo pewani wotchipitsitsa chifukwa kumeneko msonkho umadya gawo lalikulu la mtengo wa botolo lotsika, kuwonjezera mapaundi awiri okha kumasintha kwambiri zimene zili mkatimo. Odutsa ku Tete, kumeneko wa chiPwitikizi amapezeka, vinho verde ngati Casal Garcia ndi wopepuka, wowawasa pang'ono, pa kutentha kwa ku Tete kuja amatsika bwino.

Sitepe 3: Mtundu wa mphesa

Apa ndi pamene anthu amachita mantha koma mayina ofunika kuwadziwa ndi ochepa.

Kwa woyera, dzina loyamba ndi Chenin Blanc. Ndi mphesa imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse ku South Africa, ndiye poti ndi yambiri mtengo wake umakhala pansi koma kukoma kwake kumaposa mtengowo, kafungo ka gwafa, apozi, nthawi zina chinanazi. Ndikanati ndisankhe botolo limodzi lotchipa nditatsinzina ndi limeneli. Sauvignon Blanc ndi wowawasa kuposa pamenepo, wakuthwa, ena amamva fungo la udzu wongodula kumene, amafuna akhale wozizira bwino. Chardonnay wotchipa ndimamuopa pang'ono chifukwa ena amamuthira kakomedwe ka thabwa kochuluka mpaka chipatso osamvekanso, mukafuna tengani wolembedwa Unwooded kapena Unoaked.

Kwa wofiira nkhani ndi kuuma mkamwa kuja. Makoko ndi njere za mphesa zili ndi tanini, ndi amene amapangitsa mkamwa kumata ngati waluma nthochi yosapsa. Cabernet Sauvignon ali ndi tanini wambiri, ndipo wotchipa wake akakhala wamng'ono amakhala waukali ndithu pokhapokha pali nyama yonona pambali. Merlot ndi wofewa, woyamba kumene wayini wofiira ayambire pamenepa. Shiraz ali ndi kafungo ka tsabola wakuda ndi utsi, pa nyama yootcha palibe mnzake. Pinotage ndi wa ku South Africa komweko, anamupanga Abraham Perold wa ku Stellenbosch m'ma 1920 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, anthu amagawanika naye, ena amamufera ena safuna n'kumuona komwe, ndiye yesani botolo limodzi kaye musanagule katoni. Pinot Noir wotchipa musiyeni, mphesa yake ndi yovuta kulima ndipo wabwino satchipa.

Musanyoze osakaniza aja olembedwa Red Blend kapena mayina awiri atatu a mphesa. Wopanga amatenga uyu kuti aphimbe kufooka kwa uyo, ndiye pa mtengo wotsika nthawi zambiri amakoma kuposa wa mphesa imodzi. Chateau Libertas wakhala akupangidwa kuyambira 1932 ndipo The Wolftrap nayenso ndi wosakaniza, onsewa anthu amawagula mobwereza pa chifukwa.

Za thovu zija timangoti shampeni, Champagne weniweni ndi wa dera limodzi la ku France ndipo mtengo wake si wa nkhani ino. Wa ku South Africa wopangidwa mwa njira yomweyo amalembedwa Cap Classique, pomwe wa pa ukwati wongofuna kuphulitsa chivindikiro anthu akuwe, JC Le Roux amakwana.

Sitepe 4: Chaka, ndipo apa mverani bwino

Nkhani ija yoti wayini akamakalamba ndiye akukoma yapweteketsa anthu ambiri. Ndi yoona kwa mabotolo ochepa odula opangidwira kusungidwa, ndipo osungidwa pozizira. Wotchipa amapangidwa kuti amwedwe msanga, kukoma kwake ndi chipatso chija ndipo chipatso chimathawa. Ku South Africa amakolola mphesa kuyambira January mpaka cha mu April, ndiye woyera wa chaka chino amakhala atafika m'mashopu chaka chisanathe. Woyera ndi rosé, wa pinki uja, tengani wa chaka chino kapena chatha, mukabwerera kwambiri zaka ziwiri. Wofiira wotchipa zaka ziwiri mpaka zinayi ali bwino. Mukaona Sauvignon Blanc wa zaka zisanu ali pa pulomoshoni, si mwayi umenewo, akufuna muwachotsere katundu.

Sitepe 5: Shopu yake ndi botolo lenilenilo

Kwa ife a kuno sitepe iyi ndi yaikulu kuposa zonse ndipo ndi imene anthu saiganizira. Mdani wa wayini ndi kutentha ndi kuwala. Ganizani ulendo wake, kuchoka ku Cape pa thiraki makilomita opitirira 3000, kuima pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete pamene dzuwa lake mukulidziwa, kudzalowa pa Mwanza. Akafika ali kale wotopa. Ndiye wina amuikenso pa windo la shopu loyang'ana kudzuwa mwezi wa October, kapena pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata, miyezi isanu ndi umodzi. Botolo limenelo ngakhale likhale la dzina lotani lapsa basi, limakoma ngati zipatso zophika, lopanda moyo, ndipo inu mudzati wayini wa mtundu uwu ndi woipa pomwe wolakwa ndi windo.

Ndiye gulani pamene katundu amayenda msanga. Supamaketi yaikulu kapena botolo sitolo yodzaza anthu imaposa kagolosale kamene kali ndi mabotolo anayi a fumbi ongokongoletsa shelefu. Mukalowa gwirani botolo ndi dzanja, likamveka lofunda libwezeni. Pisani mkono mutenge la kumbuyo kwa shelefu kumene kuli mdima. Lipendekeni pa kuwala muone izi: lebulo yofwifwa ndiye lakhala padzuwa, pakhosi pomata kapena mzere wouma wotsika kuchokera pa chivindikiro ndiye linatentha mpaka kutayikira, koko, chotsekera cha khungwa la mtengo chija, yotukumuka kukankha chokutira cha pakamwa pa botolo chimodzimodzi. Onaninso mlingo wa wayini pakhosi poyerekeza ndi anzake, lotsika kuposa ena lalowa mpweya. Woyera amene ali m'botolo loonekera akhale wotuwa mopita ku chikasu chopepuka kapena kobiriwira pang'ono, akayamba kuoneka wa bulawuni ndiye watha. Rosé akhale wa pinki wowala osati wopita ku olenji wakuda.

Zina zimene anthu amayang'ana zilibe ntchito. Dzenje la pansi pa botolo lija kuti likakhala lakuya ndiye wayini ndi wapamwamba, bodza, ndi kapangidwe ka botolo chabe. Botolo lolemera ndi galasi lochuluka basi. Chivindikiro chopotokola si chizindikiro cha wayini wachabe, opanga abwino ambiri anasamukira komweko, ndipo kwa ife ndi chabwino kuposa koko chifukwa sichifuna chotsegulira komanso sichibweretsa matenda a koko onunkhitsa wayini chinyezi. Timasitika tagolide ta mipikisano timathandiza pang'ono ngati ndi ta mpikisano wodziwika ngati Veritas, koma werengani kaye, tina timangolembedwa mawu odzitamandira a kampani yomweyo.

Sitepe 6: Tsopano mtengo

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndiye njira yake ndi iyi. Pezani botolo lotchipitsitsa pa shelefupo, kenako kwerani masitepe awiri kapena atatu pamwamba pake. Pamenepo ndi pamene ndalama yanu imagula zambiri. Chifukwa chake n'chakuti botolo, chivindikiro, thiransipoti ndi msonkho zimadya ndalama pafupifupi yofanana kaya wayini ndi wabwino kaya ayi, ndiye pa lotchipitsitsa lija ndalama yopita ku mphesa ndi yochepetsetsa, mukawonjezera pang'ono yowonjezerayo imapita ku wayini weniweniyo. Mukapitirira kwambiri mwayamba kulipira dzina.

Wa m'bokosi musachite naye manyazi. Bokosi la malita 3 ndi mabotolo anayi a 750ml, la malita 5 ndi mabotolo asanu ndi limodzi ndi kapamwamba, gawani mtengo muone nokha kusiyana kwake. Ubwino wina ndi woti thumba la mkati lija limafwamphuka wayini akamatuluka ndiye mpweya sulowa, mukatsegula amatha kukhala mwezi wathunthu mu filiji osasintha. Kuipa kwake ndi koti asanatsegulidwe sakhalitsa ngati wa m'botolo, ndiye tembenuzani bokosi mupeze deti, lakale lisiyeni. Drostdy-Hof, Robertson ndi Namaqua onse ali ndi mabokosi, ndipo ena amalemba mtundu wa mphesa pabokosipo, amenewo amakhala okwererapo kuposa ongoti Dry Red.

Ngati ndi za chinkhoswe kapena phwando werengani chonchi: botolo limodzi limatulutsa matambula asanu a 150ml. Anthu 40 omwa wayini, aliyense awiri, ndi matambula 80, mabotolo 16, kapena mabokosi anayi a malita 3. Ndipo pa gulu la kwathu kuno wotsekemera ndi rosé ndi amene amayamba kutha, Dry Red amatsala, ndiye gulani motsatira alendo anu osati motsatira inuyo. Thirani mu jagi yagalasi ngati bokosi likukuchititsani manyazi pa tebulo la akuluakulu.

Sitepe 7: Mwafika naye kunyumba

Musamusiye m'galimoto yotseka mawindo uku mukuzungulira mu Limbe, ola limodzi la masana likwanira kumuwononga. Kunyumba malo ake ndi pansi m'kabati ya kuchipinda kozizira, osati pamwamba pa filiji kapena pafupi ndi mbaula.

Woyera, rosé ndi wotsekemera alowe mu filiji maola awiri kapena atatu. Wofiira nayenso, ee wofiira yemwe, mphindi 20 mpaka 30. Lamulo loti wofiira samuziziritsa linachokera ku nyumba zozizira za ku Ulaya kumene m'chipinda mumakhala madigiri 16 mpaka 18, osati ku Nsanje kapena ku Salima mu November. Wofiira wofunda amangomveka mowa wokhawokha kuwotcha kukhosi. Magetsi akathima, ndowa ya madzi, ayezi wa pa golosale ndi mchere wodzaza dzanja, mphindi 15 wazizira. Kuponyamo ayezi mu tambula ya wotsekemera si mlandu.

Mukatsegula thirani pang'ono mununkhize musanagawire alendo. Fungo la katoni yonyowa kapena chipinda chachinyezi ndiye koko inali yodwala, la viniga kapena la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ndiye wawonongeka. Ameneyo tsekani, tengani lisiti mubwerere naye, mashopu ena amasintha. Timiyala tonga shuga pansi pa botolo kapena pa koko si vuto, ndi za mu mphesa momwemo. Wofiira akamveka waukali, mukhuthulireni mu jagi adikire theka la ola, mpweya umamufewetsa ndipo wotchipa ambiri amasintha ndithu.

Pa chakudya sindivutika kwambiri. Chambo chowotcha kapena chokazinga ndi Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc. Kanyenya, mbuzi, soseji ya pa makala ndi Shiraz kapena Pinotage. Nkhuku ya lokolo ya supu ya tomato imayenda ndi rosé kapena Merlot. Koma mukathira Nali kapena kambuzi wambiri, wofiira wa 14 peresenti amawonjezera moto mkamwa, apa Semi-Sweet wozizira ndi amene amagwira ntchito chifukwa shuga amaziziritsa tsabola. Keke ya pa ukwati ndi wayini wa Dry sizigwirizana, keke imamupangitsa kuwawasa.

Tisaiwale wa kwathu. Linga wa ku Lilongwe amapangidwa ndi zipatso ngati jambula ndi gwafa osati mphesa, ndiye musamuyerekeze ndi Merlot, ndi chinthu china pachokha, muyeseni wozizira ndipo ngati mphatso kwa mlendo wochokera kunja amasangalatsa kuposa kumupatsa botolo la kwawo lomwe.

Mukapeza amene wakukomerani jambulani lebulo pa foni pomwepo, dzina, mphesa ndi chaka, chifukwa mawa lake simudzakumbuka, mudzangoti linali la lebulo yoyera lija. Jambulaninso amene sanakukomereni. Mukachita zimenezi kwa kanthawi mudzaona nokha kuti mumangobwerera ku mphesa ziwiri kapena zitatu, ndipo pa shelefu simudzachedwanso. Njira yotchipa yophunzirira ndi kusonkherana, anthu anayi aliyense abweretse botolo losiyana la mtengo wofanana, mukulunge mabotolo ndi nyuzipepala mulawe osaona dzina, kenako muvundukule. Woyendetsa galimoto tsiku limenelo amwe Fanta, ndipo amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 18 nkhaniyi siikuwakhudza.

Wotsala m'botolo tsekani mwamphamvu mumuike mu filiji choimirira, kaya ndi wofiira kaya woyera, amakhala bwino masiku atatu mpaka asanu. Ngati watsala theka, mukhuthulireni mu kabotolo kakang'ono kotsuka bwino kuti kadzaze mpaka pakhosi, mpweya ukachepa amakhalitsako. Wa thovu yekha ndiye alibe mawa, supuni ija anthu amalowetsa pakhosi pa botolo siigwira ntchito, mumalizeni tsiku lomwelo kapena mugule chotsekera chake chomana.